Kodi kompyuta ingazindikire schizophrenia pomvera mmene munthu akulankhulira?

Funso:

Adokotala, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 23. Zaka ziwiri zapitazo anamupeza ndi matenda a maganizo otchedwa schizophrenia. Amamwa mankhwala ndipo wakhala ali bwino ndithu, moti anabwerera kusukulu. Koma masabata apitawa mauthenga a mawu amene amanditumizira pa foni akundisowetsa mtendere. Amayamba nkhani, osaimaliza, n'kulowa ina, ndipo nthawi zina amangoti zii pakati pa chiganizo. Ndinawerenga kuti asayansi apanga makompyuta amene amazindikira matendawa pongomvera kalankhulidwe ka munthu, ena molondola mpaka 100 peresenti. Kodi ndi zoona? Mauthenga ake onse ndinawasunga. Ndikuganiza zowaika mu pulogalamu ina ya pa intaneti, iye asakudziwa, kuti indiuze ngati matenda akubwerera.

Mayi wodera nkhawa

Yankho:

Mayi, ndiyambe ndi chimene sichingadikire. Ngati kalankhulidwe ka mwana wanu kasintha kwa masabata angapo, muuzeni zimene mwaonazo, ndipo mumulimbikitse kukaonana ndi dokotala kapena namwino amene amamuona nthawi zonse sabata yomwe ino, osadikira tsiku limene anamulembera. N'kutheka kuti ndi kutopa chabe, mayeso amupanikiza kapena sakugona mokwanira. N'kuthekanso kuti matenda ayambanso kudzuka, ndipo akagwidwa msanga savuta kuwabweza. Koma ngati wasiya mankhwala, akuchezera usiku wonse osagona, akunena kuti akumva mawu omulamula, kapena watchulapo zodzipha, musadikire n'komwe sabatayo, pitani naye lero.

Tsopano za kompyuta. Zimene munawerengazo si nthano ayi. Kafukufukuyo anachitikadi, ndipo 100 peresenti ija inalembedwadi. Ine ndimaitsatira nkhaniyi mwachidwi chifukwa ikukhudza pamtima penipeni pa ntchito yanga. Komabe sindingakulangizeni kuchita zimene mukuganizazo, ndipo ndikufuna mumvetse chifukwa chake, osangomvera poti wanena ndi dokotala.

Matenda ambiri timawapeza poyeza magazi, mkodzo kapena pojambula m'thupi. Schizophrenia ilibe muyezo wotero. Palibe magazi amene tingatenge, palibenso chithunzi cha ubongo chimene chingatiuze kuti uyu ali nayo, uyu alibe. Chida chathu chachikulu ndi kucheza ndi wodwala ndi abale ake, ndipo pochezapo timamvera zinthu ziwiri: zimene munthu akunena, ndi mmene akuzilumikizira. Zimenezi zinayamba kalekale. Dokotala wa ku Switzerland, Eugen Bleuler, amene anayambitsa dzina lakuti schizophrenia mu 1908 n'kulifotokoza mokwanira mu 1911, ankaona kuti muzu wa matendawa ndi kumasuka kwa ulusi umene umamanga ganizo lina ku linzake. Dzinalo analitenga ku mawu a Chigiriki otanthauza kugawanika ndi maganizo. Ambiri amalimva molakwa, ngati kuti wodwala ali ndi anthu awiri mwa iye. Bleuler sankanena zimenezo, ankanena za maganizo amene sakugwirananso bwino.

Mu 1979 Nancy Andreasen wa ku yunivesite ya Iowa anasanja mitundu ya kusokonekera kwa kalankhulidwe n'kuipatsa matanthauzo omveka, kuti madokotala awiri akamva wodwala mmodzi azitchula chinthu chimodzi. Ndikupatseni zitsanzo zimene ndapeka ndekha. Mufunse munthu kuti, "Mwabwera bwanji kuno lero?" Iye n'kuyankha kuti, "Ndabwera pa basi. Basi yake yobiriwira ngati masamba. Masamba a buku langa anang'ambika, koma aphunzitsi sadziwa kuti mvula imawerenga." Chiganizo chilichonse chagwira chinzake ndi kaulusi kakang'ono, masamba a mtengo asanduka masamba a buku, koma funso lija latsala kutali. Wina amatsata kamvekedwe ka mawu m'malo mwa tanthauzo: "Ndikufuna kupita, kufika, kuphika, kuika." Wina amalankhula nthawi yaitali, ziganizo zake zolongosoka bwinobwino, koma akamaliza mumapeza kuti simunatolepo kanthu. Winanso amangoti "eya", "ayi", "kaya", mpaka wofunsa kutopa.

Zikafika pamenepa aliyense amamva. Vuto lili pa chiyambi, pamene ulusi wangoyamba kulefuka. Dokotala amaona wodwala mphindi zochepa, mwina patadutsa miyezi, ndipo khutu lake limatopa ngati la munthu aliyense. Madokotala awiri akhoza kumva wachinyamata mmodzi, wina n'kuti akuzungulira, wina n'kuti ndi wamanyazi chabe. Apa ndi pamene ofufuza anadzifunsa ngati makina sangayeze chinthu chimenechi ndi manambala.

Njira imene inatchuka poyamba ndi yoyeza mtunda wa pakati pa matanthauzo. Kompyuta imapatsidwa zolembedwa zochuluka kwambiri, mabuku, nyuzipepala ndi zina, ndipo imawerengetsa mawu amene amakonda kupezeka limodzi. Ikatero imaika liwu lililonse pamalo ake, ngati pa mapu. "Mvula", "mitambo" ndi "mphezi" amakhala moyandikana chifukwa amayendera limodzi m'zolembedwa. "Mvula" ndi "loya" amatalikirana. Munthu akalankhula, mawu ake amalembedwa, ndipo kompyuta imayeza kutalika kwa sitepe iliyonse kuchoka pa chiganizo china kufika pa chotsatira. Wolankhula molongosoka amayenda masitepe aafupi, wosokonekera amadumpha. Mu 2007 Brita Elvevåg, Peter Foltz ndi anzawo anasonyeza kuti muyezo umenewu umagwirizana ndi mmene madokotala amaonera kusokonekera kwa maganizo mwa odwala schizophrenia. Onani bwino apa, Mayi: kompyutayo simva chimene munthu akutanthauza. Sidziwa kuti mwana wanu akatchula galu amakumbukira agogo ake chifukwa ndiwo anamupatsa galuyo. Kwa inu sitepe imeneyo ndi yaifupi. Kwa makina ndi kudumpha.

Ku Brazil, mumzinda wa Natal, Natália Mota pamodzi ndi Sidarta Ribeiro ndi Mauro Copelli anatenga njira ina, yosalabadira n'komwe tanthauzo. Liwu lililonse analisandutsa kadontho, ndipo kuchoka pa liwu kupita pa lotsatira anajambula kamzere. Munthu wofotokoza nkhani bwino amabwerera ku mawu amene anawatchula kale: nyumba imene anayamba nayo imadzatulukiranso kutsogolo, munthu amene anamutchula amadzabweranso. Choncho timizere tija timalukana n'kupanga ukonde waukulu wogwirana. Mu 2012 anasonyeza kuti ukonde wa odwala schizophrenia umasiyana ndi wa odwala mania, matenda aja amene munthu amasangalala kapena kutakataka mopitirira muyeso n'kumalankhula mosadukiza. Wa schizophrenia umakhala waung'ono ndi wosagwirana bwino. Mu 2014 anapezanso chinthu chimene chimandisangalatsa mpaka lero: kusiyanaku kumaonekera kwambiri munthu akamafotokoza maloto kusiyana ndi akamafotokoza zimene anachita masana. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chakuti nkhani ya tsiku ili ndi msewu wake kale, kudzuka, kusamba, kupita, kubwera, pamene maloto munthu ayenera kuwamanga yekha popanda chomutsogolera.

Palinso ofufuza amene samvera mawu koma liwu lenilenilo: liwiro la kulankhula, kutalika kwa kukhala chete, kukwera ndi kutsika kwa mawu. Odwala ena amalankhula mosakweza kapena kutsitsa, ngati akuwerenga chinthu chimene sichikuwakhudza. Mu 2020 Alberto Parola, Riccardo Fusaroli ndi anzawo ku yunivesite ya Aarhus ku Denmark anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa mtundu umenewu. Anapeza kuti chimene chimaonekera kwambiri ndi kukhala chete nthawi yaitali ndi kulankhula pang'ono, pamene za kukwera ndi kutsika kwa mawu kusiyana kwake kunali kochepa kuposa mmene ambiri ankayembekezera.

Nanga 100 peresenti ija inachokera kuti? Inachokera ku kafukufuku wa mu 2015 wa Gillinder Bedi, Cheryl Corcoran ndi anzawo ku New York, mothandizana ndi Guillermo Cecchi wa ku kampani ya IBM. Anacheza ndi achinyamata 34 amene madokotala anali atawaona kale kuti ali pachiopsezo, kutanthauza kuti anali ndi zizindikiro zochepa koma asanadwale kwenikweni. Anawatsatira kwa zaka mpaka ziwiri ndi theka. Asanu mwa iwo anadwala. Kompyuta itayang'ana zimene analankhula pachiyambi paja, inasiyanitsa asanuwo ndi anzawo 29 osalakwitsa. Inagwiritsa ntchito zinthu zitatu: kudumpha kwa tanthauzo, kufupika kwa ziganizo, ndi kuchepa kwa timawu ta Chingerezi tolumikizira, tofanana ndi "amene" kapena "chimene".

Zotsatirazi zinali zochititsa chidwi, ndipo ofufuzawo ananena okha kuti chinali chiyambi chabe. Koma taganizirani: anthu asanu. Mutandipatsa anthu 34 n'kundiuza asanu amene anadwala, ndikhoza kufufuza mpaka nditapeza zinthu zingapo zimene asanuwo akufanana, mwina kutalika, mwina mwezi wobadwa. Funso lenileni ndi lakuti lamulo limene ndapezalo ligwiranso ntchito pa anthu ena amene sindinawaonepo? Makina ophunzira ali ndi chizolowezi choloweza gulu limene awaphunzitsira, ngati mwana wasukulu amene waloweza mayankho a mayeso a chaka chatha.

Corcoran ndi anzake anayesadi pa gulu lina. Mu 2018 anatenga achinyamata 59 a ku Los Angeles, amene 19 mwa iwo anadwala pasanathe zaka ziwiri. Kumeneko kompyuta inalondola 83 peresenti, ndipo lamulo la ku Los Angeles ataliyesa pa gulu la ku New York lija linalondola 79 peresenti. Manambala amenewa ndi abwino, ndipo ine ndimawakhulupirira kuposa 100 uja. Koma china chinasintha. Tsopano chizindikiro cha galamala chimene chinathandiza sichinalinso timawu tolumikizira tija, chinali kuchepa kwa alowam'malo aumwini, mawu ngati "wanga" ndi "wake". Achinyamata a ku New York anangocheza momasuka, a ku Los Angeles anapatsidwa nkhani yoti abwereze ndi kuyankha mafunso ake. Kusintha kafunsidwe kunasinthanso chimene makina anapeza. Mu 2019 Neguine Rezaii, Elaine Walker ndi Phillip Wolff ku yunivesite ya Emory anapeza zizindikiro zinanso: ziganizo zokhala ndi mawu ambiri koma tanthauzo lochepa, ndi kukonda kutchula za mawu ndi phokoso, munthu asanayambe kunena poyera kuti akumva mawu. Gulu lawonso linali laling'ono, anthu 40.

Chinthu china choti muchigwire, Mayi, n'chakuti kafukufuku wa ku New York, Los Angeles ndi Emory uja ankafunsa kuti ndani adzadwale mwa amene sanadwalebe. Funso lanu ndi lina. Mwana wanu anapezeka kale ndi matendawa, ali pa mankhwala, ndipo mukufuna kudziwa ngati akubwerera. Lamulo lopangidwira funso loyamba silingangosamutsidwira pa lachiwiri.

Mankhwala enieniwo amasintha kalankhulidwe. Mu 2020 Janna de Boer, Iris Sommer ndi anzawo ku Netherlands anapeza kuti odwala amene amamwa mankhwala ogwira mwamphamvu pa malo olandirira dopamine (mankhwala achilengedwe onyamula mauthenga mu ubongo) amakhala chete kwambiri polankhula ndipo ziganizo zawo zimafupika, poyerekeza ndi amene amamwa mankhwala ogwira mofewa. Ndiye kuti "zii" amene mukumumva pakati pa chiganizo akhoza kukhala matenda, akhoza kukhala mankhwala, akhozanso kukhala kukhumudwa, kumene kumagwira odwala schizophrenia ambiri. Zitatuzi chithandizo chake n'chosiyana kotheratu. Woyamba angafunike kuwonjezera mankhwala, wachiwiri kuchepetsa kapena kusintha, wachitatu chithandizo china. Pulogalamu yongowerenga masekondi a kukhala chete singasiyanitse. Ndipo chonde mawu angawa asakhale chifukwa choti asiye kapena kuchepetsa mankhwala payekha, chifukwa kusiya mankhwala ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimabweza matendawa kawirikawiri.

Kusokonekera kwa kalankhulidwe sikuli kwa schizophrenia yokha. Kumapezeka mwa wodwala mania, mwa munthu amene wasuta chamba kapena kuledzera, mwa amene thupi latentha kwambiri mpaka kubwebweta, mwa wodwala sitiroko, ngakhale mwa munthu wabwinobwino amene sanagone masiku awiri. Komanso alipo odwala schizophrenia ambiri amene amalankhula molongosoka kwambiri, chikhalirecho akuvutika ndi mawu owanyoza kapena mantha oti akusakidwa. Wotereyu makina angamuone ngati ali bwino.

Pali vuto lina limene limandipweteka kwambiri, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Mapu a matanthauzo aja amapangidwa kuchokera ku zolembedwa, ndipo zolembedwa zambiri ndi za anthu ophunzira, olemba chinenero cha m'mabuku. Aliyense wolankhula mosiyana ndi mabukuwo amaoneka ngati akudumpha. Mu 2021 Kasia Hitczenko ndi anzake ku yunivesite ya Northwestern anayesa miyezo yotchukayi pa gulu lawo la achinyamata. Miyezoyo inalephera kusonyeza bwino kusokonekera kwa maganizo, koma inatsatira kutalika kwa ziganizo, ndipo inkapereka manambala otsika kwa achinyamata akuda a ku America ngakhale asakudwala. Taonani kuopsa kwake: chida chimene chinapangidwa kuti chichotse kukondera kwa dokotala chinali ndi kukondera kwakekwake, kobisika m'kati mwa manambala ooneka ngati osalakwa. Gulu la Mota nalonso linasonyeza mu 2018 kuti mwa anthu osadwala ukonde wa mawu uja umakula malinga ndi zaka zimene munthu wakhala pasukulu. Munthu amene sanapite patali ndi sukulu akhoza kuyezedwa ngati wodwala pamene vuto lake ndi umphawi umene unamuchotsa m'kalasi.

Ngakhale sitepe yoyamba, yosandutsa mawu olankhulidwa kukhala olembedwa, ili ndi zolakwa zake. Mu 2020 Allison Koenecke ndi anzake ku Stanford anayesa mapulogalamu olemba mawu a makampani asanu, Amazon, Apple, Google, IBM ndi Microsoft. Pa mawu 100 alionse, mapulogalamuwo ankalakwitsa pafupifupi 19 akamalankhula azungu, koma pafupifupi 35 akamalankhula anthu akuda, onsewo akulankhula Chingerezi cha ku America. Liwu limodzi mwa atatu likalembedwa molakwa, nkhani yolongosoka imasanduka yopanda mutu, ndipo wosokoneza si wolankhulayo.

Nanga zinenero zina? Gulu la ku Aarhus lija linayesa miyezo imodzimodzi pa odwala olankhula Chidanishi, Chijeremani ndi Chitchaina, ndipo linapeza kuti zizindikiro zambiri zimene zimaoneka m'chinenero china sizionekanso chimodzimodzi m'chinzake. Zimenezi sizodabwitsa. Liwu limodzi lakuti "sindinamuonenso" Chingerezi chimalinena ndi mawu asanu ndi limodzi. Ndiye kadontho kamodzi ndi chiyani? Chiganizo chachifupi ndi chotani? Munthu amene amasakaniza zinenero ziwiri m'chiganizo chimodzi, monga amachitira achinyamata ambiri padziko lonse, makina amuwerenga bwanji? Nanga wolankhula mokuluwika, amene amazungulira dala chifukwa cha ulemu? Simunandiuze chinenero chimene mwana wanu amalankhula m'mauthengawo, koma ngati si Chingerezi cha mtundu umene makinawo anaphunzira, nambala iliyonse imene angatulutse ndi yopanda maziko.

Ndiwonjezere masamu pang'ono, chifukwa anthu amanyengeka ndi mawu akuti "molondola 90 peresenti". Bungwe la World Health Organization linanena mu 2022 kuti schizophrenia imagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa 300, anthu okwana 24 miliyoni padziko lonse. Tiyerekeze kuti pulogalamu yolondola 90 peresenti yamvera anthu wamba 30,000. Mwa iwo odwala ndi 100, ndipo ipeza 90. Koma mwa 29,900 osadwala, ilakwitsa pa mmodzi mwa 10 alionse, ndiye kuti anthu 2,990 auzidwa kuti ali ndi zizindikiro. Pa anthu 34 alionse amene yawaloza chala, wodwaladi ndi mmodzi. Enawo apita kwawo ndi mantha, ndi dzina limene anthu amalisala, mwina n'kutaya ntchito kapena banja. N'chifukwa chake ndimatsutsa kwambiri maganizo oti mafoni kapena masamba a mchezo azimvera anthu mwakachetechete n'kumawayeza. Ngakhale mwa achinyamata amene madokotala awaona kuti ali pachiopsezo, ambiri sadwala: kafukufuku wophatikiza wa Paolo Fusar-Poli ndi anzake mu 2012 anapeza kuti amene anadwala pofika zaka zitatu anali pafupifupi mmodzi mwa atatu.

Musaganize kuti ndikutaya ntchito yonseyi. Ndili ndi chiyembekezo chenicheni, koma chili pamalo ena. Mavuto ambiri amene ndatchulawa amabwera poyerekeza munthu ndi anthu ena, a chinenero china, a maphunziro ena, a mankhwala ena. Amachepa kwambiri tikayerekeza munthu ndi iye mwini. Tiyerekeze kuti wodwala wavomera kuti sabata iliyonse azilankhula mphindi zingapo pa funso lofanana, ndipo makina akudziwa mmene iyeyo amalankhulira akakhala bwino. Tsiku limene ziganizo zake zayamba kufupika kapena kudumpha kuposa chizolowezi chake, namwino akhoza kumuimbira n'kumufunsa mmene akugonera. Makina sakupereka dzina la matenda pamenepo, akungoti, "taonani kuno". Kumeneko ndiko ndikuona phindu, makamaka poti odwala ambiri padziko lapansi saonana ndi katswiri n'komwe. Mu 2020 bungwe la National Institutes of Health la ku United States ndi anzake anayambitsa ntchito yaikulu yotchedwa AMP SCZ, imene ikutsatira achinyamata ambiri a pachiopsezo m'mayiko angapo, ndipo kujambula kalankhulidwe ndi mbali imodzi ya zimene akusonkhanitsa. Ntchito zazikulu chonchi ndi zimene zingatiuze ngati zizindikiro zija zili zenizeni. Pakadali pano, malangizo amene madokotala timatsatira pozindikira matendawa, a DSM-5 ndi a ICD-11, amadalira kucheza ndi wodwala ndi mbiri yake, osati nambala yochokera ku pulogalamu.

Mwina mwaona kale kuti chimene ndikuyembekezera kwa makinawo ndi chimene inu mwachita. Mwayerekeza mwana wanu wa lero ndi mwana wanu wa miyezi yapitayo. Mwamumva kuyambira tsiku limene anatchula liwu lake loyamba. Mukudziwa nthabwala zake, mukudziwa pamene akuzungulira chifukwa akufuna kupempha kanthu, mukudziwa kukhala chete kwake kwa mkwiyo ndi kwa kutopa. Pa ntchito yanga ndamvapo kangapo kholo likunena kuti, "Adokotala, sakulankhula ngati iyeyo," ine ndisakumva chachilendo chilichonse m'chipinda choonera odwala, ndipo patapita masabata awiri zinaoneka kuti khololo linali ndi mfundo. Ndinaphunzira kulemba mawu amenewo m'faelo ndi kuchitapo kanthu. Sikuti makolo salakwitsa. Nkhawa imakulitsa zinthu, ndipo kholo limene linaonapo mwana wake atadwala kwambiri limadzidzimuka ndi kalikonse. Koma zimene mwamvazo ndi zokwanira kupitira kuchipatala, ndipo palibe yankho la pulogalamu limene liyenera kusintha zimenezo. Ikati ali bwino, mudzakhala pansi pamene mumayenera kunyamuka. Ikati akudwala, mudzapita komwe ndakuuzani kale kuti mupite, koma mutanyamula mantha owonjezera.

Tsopano mawu awiri a m'kalata yanu amene andikhudza kwambiri: "iye asakudziwa". Ndikumvetsa chifukwa chake. Mukuopa kumukhumudwitsa, mukuopa kuti akwiya, mwina mukuopa kuti mukatchula matendawo mukhala ngati mwawaitana. Koma taganizirani mmene matendawa amagwirira munthu. Odwala ambiri amavutika ndi maganizo oti akuonedwa mobisa, kuti foni yawo ikumvetseredwa, kuti makina ena akuwerenga za m'mutu mwawo. Timatha miyezi tikuthandiza munthu kuti ayambenso kukhulupirira kuti zimenezo ndi matenda. Ndiye tsiku lina adzatulukire kuti mayi ake enieni ankatenga mawu ake n'kumawapereka kwa kompyuta kuti iwayeze. Chimene ankachiopa chija chidzakhala chachitikadi, ndipo wochichita ndi munthu amene amamudalira koposa. Akhoza kusiya kukutumizirani mauthenga, ndipo mudzakhala mutatseka khomo lokhalo limene mumamvera mmene alili.

Komanso ndi munthu wamkulu wa zaka 23, ndipo mawu ake ndi ake. Liwu la munthu limamuzindikiritsa ngati chidindo cha chala. M'mauthengawo muli mayina a anzake, za chibwenzi mwina, za mankhwala ake. Mukaziika pa intaneti simudziwa kumene zasungidwa, amene angazione, kapena ngati zidzafufutidwe. Mapulogalamu ocheza nawo a masiku ano amayankha mwaulemu ndi motsimikiza ngakhale pamene alibe pogwira, ndipo adzakupatsani ndime yooneka yaukatswiri imene palibe dokotala angaisainire. Ofufuza amene anajambula mawu a odwala aja anatero atawapempha chilolezo, ndipo komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali inali itavomereza.

Mauthengawo musawafufute, akhoza kuthandiza m'njira ina. Tengani pepala mulembe zimene mwaona ndi masiku ake: munayamba liti kumva kusintha, akugona maola angati ngati mukudziwa, akudya, akupita m'kalasi, akuonana ndi anzake, mankhwala anasinthidwa liti komaliza, pali chimene chamuchitikira posachedwa monga mayeso, imfa kapena kusiyana ndi mnzake, akumwa mowa kapena kusuta. Dokotala amathandizidwa kwambiri ndi pepala lotero kuposa mawu akuti "wasintha". Ndipo mwana wanu akalola, sankhani limodzi uthenga umodzi wa miyezi isanu ndi umodzi yapitayo ndi umodzi wa sabata ino, mukamvetsere pamodzi ndi dokotala wake. Odwala ena amadabwa akadzimva okha, ndipo amayamba kufotokoza zimene zikuchitika m'kati: kuti maganizo akuduka, kuti akuchuluka mpaka kusowa loyamba kulitchula, kapena kuti lilime likulemera chiyambire mankhwala atsopano. Mayankho atatuwa amatitengera ku njira zitatu zosiyana, ndipo ndi iye yekha angatiuze.

Zinthu zikakhazikika, pemphani kuti inu, iye ndi dokotala mulembe pangano la zizindikiro zoyambirira. Iye anene yekha zimene zimayamba kusintha matenda akamabwera, inu muwonjezere zimene mumaona, ndipo mugwirizane chochita: ndani aimbire ndani, pakatha masiku angati. Akhoza kulembamo kuti, "Amayi akamva kuti nkhani zanga sizikutha, andiuze, ndipo ndidzapita kukaonedwa." Zikatero kumvetsera kwanu kumakhala ntchito imene wakupatsani yekha.

Pomuyamba nkhaniyi, sankhani nthawi imene nonse muli odekha, makamaka pamaso ndi pamaso kapena pomuimbira, osati pa uthenga wolemba. Musayambe ndi dzina la matenda, ndipo musamufunse ngati akumwa mankhwala m'chiganizo choyamba, chifukwa funso limenelo odwala ambiri amalimva ngati mlandu. Mukhoza kunena kuti, "Mwanawe, m'mauthenga ako a masiku ano ndikumva ngati watopa, nkhani ukumazisiya panjira. Iweyo ukudzimva bwanji? Ukugona?" Mukatero khalani chete, mumupatse nthawi yoti ayankhe, ngakhale atatenga nthawi yaitali kuposa mmene munazolowera. Akakana kupita kuchipatala, inuyo mukhoza kuimbira kapena kupita kwa amene amamuona n'kuwauza zimene mwaona. Mwina sangakuuzeni za m'faelo yake popanda chilolezo chake, koma kumva zimene mwabweretsa amaloledwa, ndipo mumuuze mwana wanuyo kuti mukupita.